Osatha Awirife

Ku Crewe sitima zimadutsa kuseri kwa nyumba ya okalamba,
mawindo n'kunjenjemera, makapu n'kugundana mano.
Bambo Tebbutt sayang'ana wotchi.
Amangokweza chala: "Ya ku Holyhead iyo, yachedwa mphindi zinayi."
Ndikasuzumira pafoni,
zinayi ndithu.

Koma m'fayilo yawo mwagona kalata ya khothi.
Akuti sangathe kudzisankhira okha.
Ndalama zawo amasainira ndi mdzukulu wa ku Stoke
amene amabwera pa Khirisimasi ndi masokosi.
Dokotala atawafunsa kuti uno ndi mwezi wanji
iwo anati June.
Kunja kunali Novembala,
ndipo June ndi mkazi wawo, anatsogola kalekale.
Cholembera chinachonga pomwepo.

Yanga fayilo ndi yopyapyala.
Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ku Ntcheu, kuchikuta,
ana amene anagwera m'manja muno
angadzaze sukulu ziwiri.
Ena ndinawalandira ndi tochi pakamwa, magetsi atathima,
wina atatsogoza matako, wina mchombo utamuzinga khosi.
Kuno baji yanga imati wothandizira.
Jakisoni sindiloledwa kugwira.
Mayeso a Chingerezi ndinaperewera theka la malikisi, kawiri konse,
Chingerezi chomwecho chimene ndimatonthozera Bambo Tebbutt
akadzuka pakati pa usiku kufunafuna June pansi pa bedi.

Kwathu tikati munthu satha, timakhala taona ndi maso:
telala wasoka buluku mwendo wina waufupi,
dalaivala wagoneka minibasi m'ngalande.
Kuno kusatha kumabwera mu envelopu yakhaki,
kuli ndi chidindo, nambala ndi tsiku.
Sikufunsa manja ako kuti anagwirapo chiyani.

Lamulo sindilinyoza, ayi.
Chaka chatha bambowa anawerengera manambala a khadi
munthu wa mawu okoma pafoni,
penshoni ya miyezi itatu n'kupita ngati utsi.
Ndipo ndikukumbuka wa jekete loyera pa Tsangano
amene ankabaya ana ndi singano imodzi tsiku lonse.
Mpanda uli ndi ntchito yake.
Kungoti ukamangidwa, suyang'ana
kuti wasiya ndani mkati, ndani kunja.

Lachitatu ndikuwavula masokosi aja
ndinapeza katumba watupa, wofunda, mwendo umodzi wokha.
Zala zanga zinadziwa mutu usanaganize: magazi aundana.
Ndinathamangira nesi Siobhan, mwana wa dzana,
wa mtima wabwino, wa mapepala onse.
Ambulansi inafika, adokotala anati mwachita bwino kufulumira.
Pa fomu panalembedwa dzina lake.
Malo a langa panalibe, anapepesa, ndinati palibe kanthu,
n'kukatsuka mabeseni.

Lero abwerako kuchipatala.
Ndikuwamanga mabatani a juzi, andiyang'anitsitsa:
"Kodi iwe ndiwe nesi?"
Ndati, "Pepala likuti ayi."
Aseka mpaka kutsokomola.
"Inenso pepala likuti mulibe munthu muno,"
akugogoda pachipumi ngati pachitseko.

Pansi payamba kunjenjemera.
Chala chija m'mwamba, maso otseka.
"Ya katundu iyo. Mabogi makumi awiri ndi limodzi.
Siima pano."

Ndaima pawindo, batani lomaliza ndisanamange,
ndikuwerenga mabogi m'Chichewa.