Siginecha Ziwiri

Zaka makumi atatu ndi zinayi bambo akhala akupereka lendi
ku khonsolo ya Barnsley, Lachisanu lililonse,
ngakhale sabata ija fakitale ya mabotolo inatseka zipata.
Tsopano kalata yabwera, ikuti zakazo zatsitsa mtengo:
nyumba nambala 14, ya njerwa zofiira, mutha kuigula.
Koma banki yayang'ana tsiku lawo lobadwa
n'kupukusa mutu.
Nkhalamba, akuti, sibwerekedwa mawa ambiri.

Ndiye ndili pano ine Lorraine, mwana wawo wachiwiri,
yunifolomu ya basi ili m'thupi, nthawi yosintha inasowa.
Mayi Bhandal atembenuza kompyuta kuti tione tonse.
Bambo abweretsa zaka, ine ndabweretsa malipiro;
aliyense payekha ndi theka la munthu amene akufunidwa.
"Mumvetsetse," akutero mayiwo, chala chili pa tizilembo ta m'munsi,
"ngongole iyi sidulidwa pakati ngati buledi.
Mmodzi akagwa, wotsalayo asenza yonse."
Bambo atsokomola.
Tonse atatu tikudziwa amene adzayambe kugwa
ndipo tikuyang'ana duwa lapulasitiki la patebulo.

Kieran anaimba usiku kuchokera ku Hull.
Za chifuwa cha bambo sanafunse.
Anati, "Nanga akadzatisiya, changa n'chiyani?
Nanenso ndinakulira m'kachipinda kakumbuyoko."
N'zoona, achimwene. Msinkhu wanu udakalipo
pa felemu la chitseko cha kukhichini,
mizere ya pensulo imene amayi ankajambula chaka ndi chaka,
yanu pamwamba pa yanga nthawi zonse.
Koma banki siwerenga mizere ya pensulo.
Mawuwo anafika pakhosi.
Ndinangoti foni ikutha moto.

Cholembera cha kubanki n'chomangidwa ndi kaunyolo,
ngakhale icho sachikhulupirira.
Bambo akulemba pang'onopang'ono, Ivor Hebblethwaite,
dzina lalitali ngati msewu wokwera chitunda,
dzanja lanjenjemera pa b wachiwiri.
Awa ndi amene anafumbata zala zanga pondiphunzitsa kulemba,
lero dzina lawo likudikira langa kuti liime.
Ndasaina m'munsi mwawo.
Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu.
Ndidzamaliza ndili ndi imvi zangazanga,
mwina ndekha m'zipinda zonse zitatu,
ndikuyankhabe mafoni a ku Hull.

Pobwerera tadzera pa ofesi ya nyumba za khonsolo.
Pakhomo pali mtsikana, akugwedeza kangolo ka mwana ndi phazi.
Ndimamudziwa, amakwera basi yanga ya m'mamawa,
chaka chachinayi chino ali pa mndandanda wa odikira.
Nyumba imene tikugulayi siidzamufikanso,
iye, kapena mwanayo akadzakula.
Sitinabe. Lamulo likulola, lendi tinapereka.
Komabe pomupatsa moni
envelopu ndaikankhira m'kati mwa jekete.

Makiyi ndi omwe aja, palibe watipatsa atsopano.
Geti likulirabe ngati mwana wa mphaka.
Bambo aima panjira nthawi yaitali
akuyang'ana khoma ngati munthu amene akhala naye moyandikana zaka zonsezi
ndipo angomva lero kuti ndi m'bale wawo.

Usiku mvula.
Dontho lakale lija la pamwamba pa masitepe layambanso.
Mwachizolowezi bambo atenga foni kuti aimbire khonsolo,
afika pakati pa nambala,
aima,
aseka mpaka chifuwa chawagwira.
"Lorraine, denga lako likudontha."
"Ndi mbali yanu imeneyo," ndawayankha, "yanga ndi youma."

Ndowa ili pansi pa sinki pomwe amayi ankaisiya.
Ndaitchera. Takhala pa sitepe imodzi, mapewa akugundana,
makapu a tiyi akuzizira m'manja.
Iwo akuwerenga madontho.
Ine ndikuwerenga mtengo wa makwerero
ndi mashifiti a Lamulungu amene ndikapemphe mawa.