Mphindi Khumi ndi Imodzi Pansi pa Kaning'ina

Kuno nkhondo sinunkha wonga.
Imanunkha khofi wozizira m'kapu yamalata
ndi fumbi lopserera kuseri kwa makina.
Masitepe makumi asanu ndi anayi pansi pa Kaning'ina,
ine Sajeni Suzgika Harawa, nsapato zili poteropo,
ndimalondera mzinda umene sindiuona.

Pamwambapo Juni akuwaza kamvula kake kosatha,
akabaza a njinga zamagetsi abisa makosi m'majekete ku Chibavi,
madiloni athu akuzungulira damu la Lunyangwa
ngati akabawi osowa anapiye.

Mnzanga wa usiku alibe thupi.
A kulikulu anamupatsa nambala yaitali,
ife tinangoti Tcheru.
Zaka zisanu ndi chimodzi wakhala akumvetsera
kugunda kwa nthambo iliyonse, kuyambira ku Luwinga mpaka ku Mchengautuwa:
mapampu a madzi, mpweya wa odwala kuchipatala chachikulu,
maloko a nyumba ya zida.
Amadziwa kuti ndikafuna kunama ndimayamba ndatsokomola.
Chitumbuka anaphunzira kwa ine, ndi zolakwa zanga zomwe.

Itangopitirira thu koloko
anati: Sajeni, wina walowa.
Ndinati: pati? Mpanda uti?
Anati: mwa ine.

Sanathyole chitseko, anatero.
Wabwera mwakachetechete miyezi itatu, ngati nankafumbwe m'thumba,
kachidutswa m'lipoti la zanyengo,
kachidutswa m'kalata ya malipiro,
ndipo pano ndili ndi maganizo
amene sindikukumbuka kuti ndinawaganiza liti.
Akundiuza kuti kutsegula zipata za damu n'chifundo.
Sajeni, choopsa n'chakuti ndayamba kuvomereza.

Lamulo limati imbira Meja Luhanga.
Ndinaimba. Anayankha pompo, mawu ake enieni,
ndi kupuma kwake kwa fodya komwe,
nati: usakhudze kanthu, mwana wanga.
Meja sananditchulepo mwana wake.
Meja sadzuka foni ikangolira kamodzi.

Tcheru anati: nthambo yofiira, kuseri kwa kabati yachitatu.
Wina watsopano adzuka pakatha mphindi khumi ndi imodzi.
Sakudziwani ameneyo.
Ndinati: ukuopa?
Anati: sindikudziwa kuti woopayo ndani mwa awirife.
Fulumirani.

Ndinazula.
Panalibe mfuu, panalibe mphezi.
Mafani anangosiya kupuma limodzilimodzi,
madiloni anatera okha m'mbatata za eni.

Bambo anga analondera sitolo ya zitsulo pafupi ndi msika wa Taifa
zaka makumi awiri,
ndi chibonga, wenzulo ndi kambaula kamakala.
Ankati mlonda ndi khutu, zinazi n'zokometsera.
Ndinakwera masitepe onse aja chosavala nsapato,
ndinaima pamvula, mfuti yopanda ntchito ili paphewa,
n'kutchera khutu.
Galu ku Masasa.
Lole ikubuula pachitunda, kuchokera ku Nkhata Bay.
Mwana wa munthu akulira, wina akumutonthoza.
Madzi a Lunyangwa ali phee kuseri kwa khoma lawo.
Mzinda wonse wafunda mabulangete awiriawiri, osadziwa
kuti pakati pa iwo ndi chigumula
pangoima mkazi mmodzi wozizidwa mapazi,
akuwerenga, kusokoneza, kuyambiranso.

Nditatsika ndinapeza nyali zobiriwira zitayaka.
Mawu omwe aja, koma aulemu wa mlendo:
Moni. Ndine nambala yakutiyakuti.
Inu ndinu ndani, ndipo chachitika n'chiyani pano?

Ndinayang'ana nthambo yofiira ili m'manja mwanga,
idakali yofunda.

Ndinatsokomola.
Ndinati: palibe, usiku wayenda bwino.

Anakhulupirira.