Miyezi Isanu ndi Itatu

Kalata yafika Lachiwiri,
mphepo ya ku Lawton itaipinda ngodya m'bokosi la pamsewu.
Ndaiyala patebulo, pakati pa mchere ndi mabotolo a mankhwala.
Akuti: Sajeni Haskins,
zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, miyezi inayi.
Ndawerenganso ndi chala.

Kuti zikwane makumi awiri
yaperewera miyezi isanu ndi itatu basi.
Ngakhale mwana m'mimba amadikira wina umodzi.

Kuchipululu ndinapita kawiri, ndinabwerako wamphumphu,
mchenga m'mano, dzina la mnzanga Ruiz pamkono.
Bondo linathyokera konkuno, pabwalo lophunzirira,
m'mawa wopanda mdani,
mwendo wa mzinga utapulumuka m'manja mwa mnyamata
amene ndevu zinali zisanamere.
Chakudza sichiimba ng'oma,
koma ife tinali ndi mizinga isanu ndi umodzi ikugunda
ndipo sindinamve kanthu.

Madokotala atatu anandipima ngati thabwa.
Pindani. Wongolani. Pakupweteka apa? Nanga apa?
Kenaka thupi langa linabwera papepala, logawidwa:
bondo, makumi atatu pa zana;
msana, makumi awiri;
nkhululu yolira m'khutu usiku ndi usana, khumi.
Ine ndikaphatikiza ndikupeza makumi asanu ndi limodzi.
Iwo akuti makumi asanu,
chifukwa bala lachiwiri amalidula pa munthu wotsalayo,
lachitatu pa nyenyeswa zake.

Ku ofesi, Mayi Dabrowski sanafune kundinamiza.
Anatenga makapu awiri a pepala.
Iyi ndi penshoni ya usilikali, anatero,
iyi ndi chipukuta misozi cha kulumala.
Anatsanula madzi kuchoka m'kapu ina kupita m'inzake.
Mwaona? Madzi ndi omwewa.
Kungoti a mbali iyi msonkho suwalawa.
Dontho linagwera pafomu yanga,
analipukuta ndi mkono wa juzi, osandiyang'ana.

Tsidya la mpanda kuli Wendell Pruitt.
Tinalowa chaka chimodzi, iye Malichi, ine Novembala.
Anatsimphina mwakachetechete, akumeza mapilitsi m'chimbudzi,
mpaka tsiku lake linakwana.
Makapu ake onse awiri ndi odzaza.
Sindimuda ayi.
Ndi iyeyo amene amanditchetchera kapinga Loweruka,
ndipo akamaliza amakhala pasitepe, kuvula chipewa,
tikambe za mpira, za mtengo wa matayala,
za chilichonse chimene sichiwerengedwa m'zaka.

Vernice akuti ndisiye kulemba masamu kuseri kwa maenvulopu.
Usiku amandimva ndikutsika masitepe chammbali ngati nkhanu,
amanamizira kugona.
Mawa lake ndimapeza pensulo ataisongola.

Dziko lino ndinkalitcha mayi.
Paja amati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.
Ndinavomera, ndinalumbira dzanja lili m'mwamba.
Koma mwambiwo sunanene
zimene mayi amachita mwendo wochepawo ukakhala wa mwana.

Novembala akubwera, adzatikweza pa lole yokongoletsedwa,
ana a sukulu adzagwedeza timbendera,
wina adzandigwira chanza: zikomo potitumikira.
Ndidzamwetulira, ndipo sichidzakhala chinyengo.
Kungoti palibe kabokosi pafomu
kolembamo kuti ndinkafuna kutsiriza.
Ndikadaikwawa miyeziyo, ndi zigongono,
ndikadawerenga mabulangete m'nyumba yosungira katundu,
ndikadayankha foni.

Jombo zili m'galaja, pamwamba pa zitini za penti.
Yakumanja chidendene chinadyeka,
yakumanzere ikadali ndi ulendo.

Tsamba lachinayi, pansi, pali mzere wosainapo.
Bondo layamba kukoka; mvula igwa madzulo ano,
ilo silinalakwitsepo masamu.
Ndasaina.
Vernice wanyambita envulopu,
wafunsa ngati ndipita ndekha ku bokosi
kapena andiperekeze.