Kaphesi ka Kunkhongo

Usiku wachitatu m'chipatala cha Nsanje.
Magetsi athawanso, koma kutentha kwatsala.
Ndikukupiza Zuze ndi chibenthu cha katoni,
Zuze amene anagwa ndi kabaza wake ku Bangula,
thumba la mapira likumukokera kumbuyo,
nkhongo n'kukapeza mwala.

Masana adokotala a Thenesi anang'amba pepala
n'kujambula ubongo ngati ngala ya mapira.
Anthu amatama ngala, anatero,
koma taonani kaphesi aka kunsi kwake,
kotalika ngati chala chanu chachikulu basi,
kolumikiza mutu ndi chingwe cha mumsana.
Kali ndi mfundo zitatu.

Yapamwamba imayendetsa maso.
Anawalitsa tochi m'diso la Zuze,
kadontho kakuda kaja kanafinyika ngati nkhono yokhudzidwa.
Imeneyo ili maso, anatero, ngakhale mwini wake wagona.

Yapakati anaitcha mlatho.
Sindinafunse zambiri.
Ine wa ku Makhanga ndikudziwa mlatho ukapita ndi madzi:
mchere sufika,
uthenga wa maliro umapeza atakwirira kale,
wa tsidya lino amangoona utsi wa tsidya lija.

Yapansi ndiyo sidziwa tulo.
Imawerenga mpweya, imapimira mtima liwiro,
kumeza, kutsokomola, kuyetsemula, zonse n'zake.
Pomwepo mitsempha imasinthana njira,
ya kumanja kuwolokera kumanzere,
ngati mabwato awiri odutsana pakati pa Shire.

Zaka khumi ndi zinayi
ndakhala ndikumugunda ndi chigongono bambo ameneyu
chifukwa cha mkonono,
osadziwa kuti kunkhongo kwake kuli waganyu
wosalandira kobiri, wosapuma Lamulungu,
amene anayamba ntchito mwini munda asanabadwe.

Lero ndikuupempha mkonono uja.

Adokotala sanalonjeze kanthu.
Anangoti chodzutsa munthu m'tulo chili m'kaphesi komweko,
tidikire chotupa chiphwe
monga timadikira madzi achoke kudimba.

Ndiye ndikuwerenga.
Chifuwa chakwera, chatsika.
Chakwera.
Udzudzu wamutera pachipumi, sakuuingitsa.
Ndauphera ine.

Kukuyera. Panja amayi akuphwanya nkhuni,
wina akuitanira nsomba zouma pageti.
Ndamunyowetsa milomo ndi kansalu,
ndipo kholingo lake, lokha, osatumidwa,
lakwera,
latsika.

Wameza.

Pepala lija ndalipinda kanayi,
ndalimanga pamfundo ya chitenje
pamene ndimamanga ndalama.