Mpando wa Kumbuyo

Amati ndinabadwira m'manja mwanu, Mayi Dominga,
chaka chimene Ruo anasiya njira yake
n'kudzagona m'minda ya Makhanga.
Nyali inatha mafuta ine ndisanatuluke.
Munadula mchombo wanga mongopapasa,
madzi ali m'akakolo,
Tikuoneni Maria ali pakati pa mano.
Zimenezo ine sindikumbuka.

Chimene ndikumbuka ndi kulemera kwanu
pa mpando wa kumbuyo wa njinga yanga:
poyamba ngati thumba la mapira,
kenako ngati mtolo wa bango,
chaka chathachi ngati dengu la thonje.

Boma linakupumitsani ntchito, inu simunamve.
Yunifolomu yoyera munaipinda m'sutikesi
koma kawotchi ka pachifuwa simunavule,
ngakhale kanaima kalekale pa teni koloko.
Lachiwiri ndi Lachisanu, dzuwa lisanayambe ukali,
munkaima pamsika wa Bangula ndi chikwama chobiriwira:
mabandeji ochapa, sopo wodula pakati, mchere, shuga,
korona wothothoka mikanda iwiri.
"Zuze, tiye. Matenda sadikira kabaza."

Tinapita kwa Alfazema, amene ng'ona inamusiyira theka la mwendo,
bala likununkha mpaka ana kuthawa pakhonde.
Ine ndinaima patali, pansi pa msawu.
Inu munagwada, kutsuka, uku mukumufunsa za mbuzi zake.
Tinapita kwa mtsikana uja wa kwa Tengani
amene ankabisa mankhwala ake kudenga poopa apongozi.
Munakhala naye mpaka mthunzi unatembenuka.
Zomwe munakambirana simunandiuze,
koma lero ali ndi ana atatu ndi kagolosale.

Simunali wofatsa, tisanamizane pamaliro.
Munandikalipira pamaso pa anzanga
nditamwa madzi a m'dambo nthawi ya kolera.
Ndalama ya ulendo munkapereka yoperewera
n'kuwonjezera malambe awiri ndi dalitso.
Ana anu asanu ndi mmodzi,
ndi anayi ena amene imfa inakutulirani pakhomo,
onse akudziwa kutsina kwa zala zanu m'tchalitchi.
Amuna anu atatsikira kulichete munalira masiku atatu.
Lachinayi lake munatuma mwana kwathu:
kwa Nyakuipa kuli mayi wapakati, miyendo yatupa.

Tsiku lina pa Mtayamoyo, tikudikira bwato,
ndinakufunsani ngati Mulungu amachiona chigwa chino,
pamene madzi akabwera amanyamula nkhokwe,
akapita n'kutisiya tikukumba nyika m'matope.
Munayang'ana Shire nthawi yaitali,
namasupuni akudutsa ngati alibe mlandu.
"Amaona," munatero.
"N'chifukwa chake anakupatsa miyendo.
Kweza njingayo m'bwato."

Maso atayamba kuchita mdima
munkawerenga malungo ndi kuseri kwa dzanja,
mayina a makanda munkawasokoneza ndi a makolo awo,
poti onsewo anayamba kulira muli pomwepo.
Pokwera njinga ndinkakunyamulani,
inu n'kumadandaula kuti ndikuchedwetsani.

Lero ndi Lachisanu.
Ndadzuka m'mamawa mwachizolowezi, ndapopa matayala.
Amayi a mphakati amanga nsalu zawo zofanana,
bokosi layenda pamapewa kuyambira kutchalitchi,
njinga yanga sinafunike.
Ndaikankha pambuyo pa anthu, fumbi lili m'kamwa,
mpando wa kumbuyo ukuwotchedwa ndi dzuwa.

Titabwerako kumanda, anthu akusamba m'manja,
mdzukulu wanu Nsayi, uja akuphunzira unamwino,
watuluka m'nyumba ndi chikwama chobiriwira,
kawotchi koima kali pachifuwa pake.
Akuti munasiya mawu usiku womaliza:
bandeji ya Alfazema isagone.

Wakhala kumbuyo osafunsa mtengo.
Ndi wolemera kuposa inu,
ndipo sakudziwa pomwe pali mchenga wozama.
Ndamuuza agwiritse.
Ndapalasa.