Makwerero a pa Envulopu

Tsiku la malipiro, nkhungu isanachoke ku Luwinga,
ndinaima pakhomo pa ofesi, chipewa m'manja,
kapepala ka malipiro katanyowa ndi thukuta
ngakhale kunja kunkazizira mpaka mano kuombana.

Mwezi wonse ndinachezera pageti la nkhokwe ya khofi.
Sangwani atapita kumaliro ku Ekwendeni
ndinasenza usiku wake pamwamba pa wanga.
Ndinkati mwezi uno malata awiri atuluka.
Koma pamzere wachinayi, pansi pa dzina langa,
zilembo zija zinali zitanenepa:
P, A, Y, E.
Sizinagwirepo tochi.
Sizidziwa chisanu cha mu Juni.
Nanga zimadyera kuti?

Mayi Nyazgambo sanadzutse mutu msanga.
Anatsiriza kaye kuwonkhetsa,
kenaka anati, khalani pansi Bambo Chavula,
mwaima ngati mwabwera ndi samani.
Anatembenuza envulopu yakale
n'kujambula makwerero ndi bolopeni yofiira.

Pansi pano, iwo anatero, boma silikhudzapo.
Ndi za mchere, za lendi, zanu.
Pakadzaza, zotsalazo zimakwera sitepe yachiwiri,
pamenepo ndiye amatapapo.
Osati pamulu wonse, ayi,
pa zokwera zokhazo.
Ovataimu yanu ija inakwera nazo.

Ndinati basi, ndizigona kwathu.
Ndinachita bwino chaka chatha kukana ukapitawo,
msonkho ukanandimeza ndi jombo zomwe.

Apa mayiwo anavula magalasi.
Anakuuzani ndani?
Ndinati anyamata a kabaza pa Katoto.
Anaseka mpaka kutsokomola,
kenaka anasiya, ataona kuti ine sindikuseka.

Kwacha yowonjezera amaibenthula, n'zoona,
koma chotsalacho chimalowa m'thumba mwanu.
Palibe amasauka chifukwa chokwezedwa, bambo.

Bolopeni inatsika mzere ndi mzere.
Uwu si msonkho, ndi penshoni,
mukudzisungira nokha za tsiku limene mawondo adzakane.
Uwu ndi ngongole, munasaina ndinu
mwana wanu akupita ku sekondale.
Nambala yaitaliyi ndi dzina lanu kwa okhometsa msonkho,
muziiyang'ana, ikalakwika
thukuta lanu lilembedwa pa munthu wina.
Ndipo masitepewa sanamangidwe ndi simenti,
bajeti ikawerengedwa amatha kusuntha.
Muzimvera wailesi, osati akabaza.

Ndinafunsa ngati mpando uja ukadalipo.
Anayang'ana pawindo.
Panja, Vitumbiko, amene ndinamuphunzitsa ndine kuimba wezulo,
ankayendera mageti, kabuku kukhwapa.

Ndinabwerera wapansi ku Mchengautuba.
Mvula inali itadya msewu mbali imodzi,
ndinalumpha ngalande ndikuganiza,
zimene amatapa zija zimadutsa njira iti
kuti kuno zisafike?
Funso limenelo silinali pa envulopu.
Ndinangowerenga miyezi ndi zala,
khumi ndi iwiri,
n'kuona denga lonse
limene ndinalisiya patebulo la bwana chifukwa cha mantha.

Lata ndinagula limodzi.
Mayi a kunyumba analigogoda ndi chala,
n'kufunsa za linzake.
Ndinati likubwera, lakwera kaye sitepe.

Usiku Sangwani anabwera ndi kapepala kake,
atakapinda kanayi, nkhope ili gwa.
Akuti atibera, iye anatero.
Ndinatulutsa envulopu ija, yayamba kale kung'ambika m'mphepete,
ndinaiyala pabondo.
Gwira tochi, ndinamuuza,
usaunike kumaso kwanga, unika apa.
Tiyambire pansi.