Mabokosi Awiri

Pa fomu anatipatsa mabokosi awiri okha:
kumanzere tawuni, kumanja mudzi.
A Chatsalira, otiyang'anira pa kalemberayu, anati,
"Mukangowoloka kamlatho ka ku Msangu, muzichonga mudzi,"
iwo n'kukwera galimoto, ife n'kutsala ndi fumbi.

Ndinawoloka.
Mapu anga akuti pano ndi munda wa thonje.
Ndapezapo saluni, chigayo,
ndi mtsikana wogulitsa mayunitsi pansi pa ambulera yong'ambika.
Thonje palibe.
Pali njerwa zootcha, milu milu,
zangoti duu ngati anthu odikira basi ya ku Lilongwe.

Khomo lachisanu ndi chitatu:
denga la udzu, pamwamba pake dishi ya kanema,
mbuzi yomangirira ku pholo la magetsi
limene waya wake sunafike, chino ndi chaka chachinayi.
Abiti Twaibu andiyalira mkeka.
"Madzi mumatunga kuti?"
"Pa kiyosiki, ndalama ikakhalapo.
Ikasowa, chitsime cha kudambo sichinasamuke."
"Nanga ntchito yanu?"
Aseka mpaka kugwira m'nthiti.
M'mamawa ndi mlimi,
dzuwa likakwera ali pa depoti ndi beseni la zitumbuwa,
mwezi ukatha ndi alandilodi,
poti m'kanyumba mmene munkagona nkhuku
mukugona Likisho wa kabaza.
Fomu yandipatsa mzere umodzi.

Likishoyo ndimuwerengere kuti?
Msana wake umagona ku Salima kuno,
koma mkazi, nkhokwe ndi manda a bambo ake zili ku Mvera.
Akuti, "Ine pano sindikhala, ndangobwera."
Anangobwera zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo.

Masana, batire la tabuleti likulira njala,
ndinakhala pa chitsa cha msangu n'kupeka miyeso yangayanga.
Tawuni imayambira pamene moni wafupika,
pamene maliro a khomo lachitatu umawamvera pa foni,
pamene wina akati mtengo
palibe amene akuganiza za mthunzi.
Imayambira pamene mwana safunsidwa kuti ndiwe wa kwa yani,
amafunsidwa kuti mumachita lendi kwa ndani,
pamene phulusa lasowa kotaya
ndipo mpanda wakwera kuposa msinkhu wa mnansi.
Koma izi kompyuta ya ku Zomba singameze.
Iyo imafuna nambala.

Pobwerera, Abiti Twaibu anandikodola ndi dzanja.
"Mwanawe, watilemba chiyani?
Ukati tawuni, abwera ndi msonkho wa malo.
Ukati mudzi, mwina dzina langa likhalabe
pa mndandanda wa feteleza.
Komatu waya uja amapita kumene kwalembedwa tawuni."
Chala changa chinalendewera pakati pa mabokosi awiriwo
ngati ntchentche yosowa potera.
Ndinachonga mudzi. Ndimo mmene anandiuzira.

Ndisanafike n'komwe pa kamlatho,
lole inandipitirira, itasenza mchenga ndi malata,
n'kukhotera m'munda wa chimanga chosakolola
mmene wina wazika kale zikhomo zinayi za simenti.
Lipoti lathu lidzatuluka zaka ziwiri zikubwerazi,
losindikizidwa bwino, la maperesenti ake.
Podzafika tsikulo
mbuzi ija adzakhala ataigulitsa kuti agule chitseko,
ndipo wotiyang'anira wina adzaloza mlatho wina, kutsogoloko,
n'kunena kuti mudzi umayambira apo.